Mwathira Trichoderma koma mbande zikugwabe: kumene vuto limabisala

Dandaulo limakhala limodzimodzi chaka ndi chaka, makamaka kwa alimi a m'madimba amene angoyamba kumene kugwiritsa ntchito tibowa ta m'nthaka tothandiza mizu, totchedwa Trichoderma ndi mycorrhiza. Munthu wagula paketi ya Trichoderma, wathira pa nazale monga anamuuzira wogulitsa, koma mbande za tomato zikugwabe, zowola patsinde pamene pakhudzana ndi dothi. Wina wagula mycorrhiza, wathira m'mapando a kabichi, wadikira mwezi wathunthu, koma kabichi wakeyo sakusiyana ndi wa mnzake amene sanathire kanthu. Mapeto ake onse awiri amangoti "atibera ndalama awa," n'kubwerera ku Dithane.

Nthawi zina amakhala ataberedwadi, ndipo tifikako. Koma kawirikawiri vuto limayambira pa kuiwala kuti zimene zili m'paketimo ndi zamoyo. Thumba la Urea mutha kulisunga chaka chonse, mukathira lidzagwirabe ntchito. Tibowa timafa ndi kutentha, timafa ndi mankhwala, ndipo pali mbewu zina zimene sitingakhale nazo ngakhale mutatani. Choncho musanataye paketi, fufuzani motsatira ndondomeko ili m'munsiyi, kuyambira pa zosavuta kuona.

Choyamba, mwagula uti mwa awiriwa?

Ambiri amawasokoneza, ndipo ogulitsa ena m'mashopu a zaulimi sathandizanso, amangoti zonse ndi "zokulitsa mizu."

Trichoderma ndi nkhungu yobiriwira imene imakhala pamizu ndi pazinyalala zowola. Mitundu imene mumaiona yolembedwa pamapaketi kwambiri ndi Trichoderma harzianum, Trichoderma asperellum ndi Trichoderma viride. Imakula msanga, imalanda malo ndi chakudya pamizu, ndipo imazinga ndi kudya nkhungu zoipa monga Pythium, Rhizoctonia ndi Fusarium, zomwe zimagwetsa mbande ndi kuwoletsa mizu. Mizu ikatetezeka imachuluka, mbewu n'kumakula mwamphamvu.

Mycorrhiza salimbana ndi matenda mwanjira imeneyo. Amalowa m'kati mwa muzu, n'kutulutsa timaulusi topyapyala kwambiri tomwe timafika kutali kumene muzu sungafike. Timaulusito timatenga fosiforasi, zinki ndi madzi kubweretsa ku mbewu, ndipo mbewu imalipira ndi shuga amene yapanga m'masamba, nthawi zina kufika gawo limodzi mwa magawo asanu a shuga yense. Pamapaketi mudzaona dzina loti Glomus kapena Rhizophagus irregularis.

Onsewa ndi osiyananso ndi inokyulanti wa soya uja. Ameneyo ndi mabakiteriya, ndipo ntchito yake ndi ya nayitirojeni pa mbewu za mtundu wa nyemba basi.

Ngati vuto lanu ndi kugwa kwa mbande koma mwathira mycorrhiza, musadabwe kuti zikugwabe.

Kodi chimene chikupha mbewuyo n'chiyani kwenikweni?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tichedwepo pang'ono. Tomato akafota alimi timangoti "wafota," koma zofotetsa zilipo zingapo ndipo Trichoderma amathandiza pa zina zokha.

Zulani chitsamba chimodzi chodwala ndi mizu yake yomwe. Tsukani mizu, muiyang'ane bwino.

Ngati mizu ili ndi zotupatupa zomwe sizichoka mukazikhula ndi chala chifukwa ndi muzu womwewo watupa, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Mitundu ina ya Trichoderma imachepetsako vutoli, koma siyingalithetse m'dimba lomwe mwakhala mukubzalamo tomato, therere ndi mabiringanya mosalekeza. Pamafunika kasinthasintha wa mbewu, manyowa ambiri, ndi kusatenga mbande pa nazale yomwe ili kale ndi vutoli.

Ngati mizu ilibe zotupa, dulani tsinde chapafupi ndi dothi. Thirani madzi oyera mu tambula yagalasi, mulowetse nsonga yodulayo m'madzimo pang'ono chabe, muigwire osagwedeza kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Mukaona timizere toyera tikutsika pang'onopang'ono kuchokera patsinde, madzi n'kuyamba kuchita mbuu, amenewo ndi mabakiteriya a Ralstonia. Chizindikiro china n'chakuti chitsamba chimafota chonse mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, poyamba chimatsitsimuka usiku, kenako osadzukanso. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo paketi ya Trichoderma siyingadzutse chitsamba chimenecho. Zulani, mukatenthe kutali, musalole madzi a mu ngalande kuchoka pamalo odwalawo kupita kumunsi, ndipo pamalopo musabzalepo tomato, tsabola, mabiringanya, mbatatesi kapena fodya kwa zaka zingapo.

Madzi akakhala oyerabe, ng'ambani tsindelo m'litali. Ngati m'kati muli mizere yofiirira, masamba anayamba kuchita chikasu kuchokera pansi, mwinanso mbali imodzi yokha ya chitsamba, ndi Fusarium. Apa Trichoderma ali ndi gawo, koma pa mbewu zimene sizinadwale. Ndi mlonda amene amayenera kufika pakhomo wakuba asanalowe. Akafika katundu atapita kale, palibe chimene angachite. Chitsamba chimene Fusarium walowa kale m'mitsempha yake sichichira.

Nanga ngati vuto lili pamasamba? Chiwawu chomwe chimapsereza tomato ndi mbatatesi nthawi ya mvula ndi chifunga ku Dedza, Ntcheu kapena Thyolo chimabwera ndi mphepo. Zomwe mwathira kumizu sizingachiletse. Tuta absoluta, kambozi kaja koboola masamba ndi zipatso, nakonso si nkhani ya Trichoderma. Ngati simukutsimikiza, tengani chitsamba chonse ndi dothi lake mukaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Musatenge tsamba limodzi lokha.

Paketiyo ndi yamoyo?

Onani tsiku limene inapangidwa ndi limene ithere mphamvu. Paketi yopanda masiku amenewa, yopanda dzina la mtundu wa bowa, komanso yosanena kuchuluka kwa timbewu tamoyo pa galamu iliyonse, musagule. Zopha tizilombo ndi matenda a mbewu zimayenera kukhala zolembetsedwa, ku Malawi ndi bungwe la Pesticides Control Board, ku Zambia ndi bungwe loona za chilengedwe la ZEMA. Ufa wopimidwa m'timajumbo pamsika, osadziwika kumene wachokera, ungakhale chilichonse.

Ngakhale paketi yabwino imafera m'njira. Trichoderma amakula bwino pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30, koma posunga amafuna pozizira ndi pouma. Shopu ya malata mu Okutobala, pa shelefu yoyang'ana dzuwa, kapena chikwama chomangidwa pa keliyala ya njinga tsiku lonse, zimatha kupha timbewu tambiri tsiku lothera mphamvu lisanafike. Kunyumba, ngati muli ndi firiji ikani m'kati mwake chakumunsi, osati mowumitsa madzi. Ngati mulibe, ikani m'chidebe chotseka bwino, pansi, m'chipinda chozizira koposa. Mukatsegula musasunge mpaka chaka chamawa.

Trichoderma mutha kumuyesa nokha. Phikani mpunga pang'ono wosathira mchere kapena mafuta, ukhale wouma bwino osati phala. Ugaweni m'mabotolo awiri otsukidwa ndi madzi owira, mutseke, uzizire. M'botolo limodzi wazanimo kaufa pang'ono, linalo musiye lopanda kanthu. Vundikirani mosathina, muike pamthunzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi, botolo lokhala ndi ufa wamoyo limayamba kuyanga nkhungu yoyera, ndipo sabata isanathe imasanduka yobiriwira kwambiri, mitundu ina n'kumamveka kafungo ka kokonati. Ngati patatha sabata palibe chamera, kapena mabotolo onse awiri amera nkhungu yakuda kapena yotuwa yofanana, ufawo ndi wakufa. Musanunkhize pafupi, ndipo mukatha kwirirani mpungawo, nkhuku zisadye.

Mycorrhiza simungamuyese chonchi, chifukwa sakula popanda muzu wamoyo. Ndipo apa m'pamene chinyengo chimachuluka. Mu 2022 ofufuza anafalitsa zotsatira za kuyesa mapaketi a mycorrhiza ogulidwa ku Australia, ku Ulaya ndi ku North America, ndipo anapeza kuti oposa atatu mwa anayi alionse sanalowe m'mizu n'komwe atayesedwa m'dothi lophedwa tizilombo. Ngati zili choncho kumene amapangira, paketi imene yayenda miyezi pa sitima ndi pa lole ndiyofunika kuikayikira. Ine ndimalangiza kugula kochepa kaye.

Mwina munawapha nokha osadziwa

Dithane, kopa, carbendazim ndi benomyl ndi mankhwala opha nkhungu, ndipo sasankha kuti iyi ndi yabwino iyi ndi yoipa. Awiri omalizawo ndiwo oopsa kwambiri kwa Trichoderma ndi mycorrhiza yemwe. Mlimi akathira Trichoderma pa nazale Lolemba, Lachitatu n'kukhathamiritsa bedi lomwelo ndi mankhwala a nkhungu "kuti zithandizane," wafafaniza zimene anachita Lolemba. Siyanitsani ndi sabata imodzi mpaka masiku 10, ndipo mankhwala ndiwo ayambe, Trichoderma abwere pambuyo. Kupopera masamba kuti muteteze chiwawu musasiye, koma poperani mopepuka ngati chifunga, osati mpaka madzi a mankhwala kumayenderera kutsinde. Metalaxyl, mankhwala enanso a nkhungu, payekha savutitsa Trichoderma kwambiri, koma kawirikawiri amagulitsidwa atasakanizidwa ndi mancozeb, amene ndi Dithane yemweyo, ndiye werengani chikalata cha papaketi.

Sipuleya ndi kheni nazonso zimasunga zotsalira. Ngati chiwiya chomwecho munasungunuliramo mankhwala dzulo, chitsukeni katatu. Bwino koposa ndi kukhala ndi kheni yakeyake.

Njere za m'sitolo zopakidwa utoto wofiira, wobiriwira kapena wabuluu zimakhala zitapakidwa mankhwala monga thiram. Kuzipakanso Trichoderma pamwamba pake kungakhale kungomutaya. Pa njere zotero, thirani Trichoderma m'dothi la pabedi masiku angapo musanafese, kenako mubwerezenso mbande zitamera.

Madzi a pampopi kapena amene mwathiramo klorini asiyeni m'ndowa yosavundikira usiku wonse musanasungunuliremo. A pachitsime kapena mumtsinje alibe vutoli.

Kutentha mapesi pa nazale ndi njira yakale ndipo imagwira ntchito, imapha njere za udzu ndi matenda a pamwamba. Koma imaphanso tibowa tabwino, ndipo bedi lotero limakhala lopanda mwini: nkhungu iliyonse imene iyambe kufika, ndiyo imatenga malo. Nthawi yabwino kwambiri yothira Trichoderma ndi imeneyi, koma osati pa dothi lotentha. Dikirani lizizire tsiku limodzi kapena awiri, palani phulusa lochuluka, thirirani, kenako sakanizani ndi kompositi wopsa bwino amene mwaikamo Trichoderma. Phulusa lambiri ndi laimu zimachepetsa asidi wa m'dothi, pamene Trichoderma amakonda dothi la asidi pang'ono, ndiye musaziphatikize tsiku limodzi.

Trichoderma muthireni madzulo kapena m'mamawa, pa dothi lonyowa kale, n'kuphimbira. Ufa wowazidwa pamwamba pa bedi louma masana, dzuwa likuswa mtengo, sufika mawa.

Kabichi, repu, mpiru ndi chainizi salandira mycorrhiza

Izi ogulitsa ambiri sanena. Mbewu za banja la kabichi sizilola mycorrhiza kulowa m'mizu yake, ndipo bonongwe, sipinachi ndi bitiruti nazonso sizigwirizana naye kwenikweni. Mutathira paketi yonse pa phando limodzi la repu, palibe chingasinthe. Pa mbewu zimenezi gwiritsani Trichoderma ndi manyowa.

Amene amapindula kwambiri ndi anyezi, adyo ndi liki, chifukwa mizu yake ndi yonenepa, yosapanga nthambi zambiri, ndipo payokha siyitha kusaka fosiforasi. Karoti, tsabola, nyemba, tomato, mabiringanya, maungu ndi chimanga amalandiranso.

Pali china chotsatirapo. Popeza mycorrhiza sakhala popanda muzu womulandira, bedi lomwe mwabzalapo kabichi, kenako repu, kenako chainizi, limatsala ndi wochepa. Mukaika anyezi pamenepo amayamba monyentchera ngakhale mwathira feteleza. Pakati pa masamba amenewa ndi anyezi lowetsanipo chimanga chachiwisi kapena nyemba. Bedi losiyidwa lambee kwa miyezi, lopanda ngakhale udzu, limataya mycorrhiza mofananamo, monganso kutipula mozama nthawi iliyonse, komwe kumadula timaulusi tija.

Kathiridwe kakenso n'kosiyana. Mycorrhiza ayenera kukhudza muzu. Muikeni m'phando pansi penipeni pa mbande powokera, kapena m'dothi la m'mathireyi musanafese. Kuwaza pamwamba n'kuthirira, poganiza kuti atsika ndi madzi, sikuthandiza.

Feteleza wochuluka

Mbewu ikapeza fosiforasi wokwanira pafupi ndi mizu yake, imaleka kulipira shuga ndipo imatsekera mycorrhiza kunja. M'madimba momwe timalima katatu pachaka, nthawi iliyonse n'kuthira 23:21:0+4S, DAP wa 18:46:0 kapena D Compound, fosiforasi amaunjikana chifukwa sakokoloka msanga monga nayitirojeni. Zitosi za nkhuku nazonso zili naye wambiri. M'dothi lotero paketi ya mycorrhiza, ngakhale yamoyo, siyionetsa kusintha. Kumene amaonetsa mphamvu ndi m'dothi lofiira la kumtunda losowa fosiforasi, ndi m'mathireyi kapena pa nazale yotenthedwa momwe mulibe mycorrhiza wachilengedwe.

Sindikunena kuti musiye feteleza. Tibowa sitipanga chakudya, timangothandiza mbewu kufikira chimene chilipo, ndipo tomato wofuna zipatso zambiri adzafunabe nayitirojeni ndi potashi. Pa bedi loyeserapo chepetsani wa fosiforasi ndi theka, ndipo muike chapatali pang'ono ndi phando. Amene ali ndi dimba lalikulu achite bwino kukayezetsa dothi ku malo a kafukufuku monga Chitedze kapena Bvumbwe asanawononge ndalama.

Dziwaninso kuti minda yambiri imene sinazunzidwe ili kale ndi mycorrhiza wakewake. Pamenepo kusaona kusintha sikutanthauza kuti chinachake chalakwika.

Madzi ndi chakudya

Pythium amakonda chinyontho chosatha, pamene Trichoderma ndi mycorrhiza amafuna mpweya m'dothi. Nazale ya m'dambo imene imathiriridwa m'mawa, masana ndi madzulo, yofesedwa mowaza mothithikana, yophimbidwa ndi udzu wochindikala umene sunachotsedwe mbande zitamera, idzagwetsa mbande ngakhale mutathira chiyani. Kwezani bedi masentimita 15 mpaka 20, fesani m'mizere yotalikirana masentimita 10 kapena 15, kwezani udzu pa kathandala mbande zikangotuluka, ndipo thirirani m'mawa kuti pamwamba paume dzuwa lisanalowe. Nthawi zambiri izi zokha zimachepetsa vuto kuposa paketi.

Trichoderma amafunanso chodya. Mumchenga wopanda zowola amatha pakangopita masabata ochepa. Musakanizeni ndi kompositi kapena manyowa a khola opsa bwino, onyowa pang'ono moti mukafinya m'dzanja sakudontha, muunjike pamthunzi, mufunditse chiguduli kwa sabata imodzi, kenako mukathire. Manyowa aawisi amene akutenthabe amamupha. Bwerezani powokera, poviika mizu ya mbande m'madzi osungunuliramo, komanso pakapita masabata angapo monga chikalata chanenera. Muyezo tsatirani wa papaketi yanu, chifukwa mphamvu zake zimasiyana kwambiri.

Kuchulukitsa nokha

Mycorrhiza mutha kumuweta osagula. Tengani dothi la pamwamba, lokhala ndi timizu, pamalo a udzu pomwe sipanalimidwe zaka zambiri kapena pansi pa msangu. Sakanizani ndi mchenga wa mumtsinje, muike m'thumba kapena m'beseni loboola pansi, mubzalemo chimanga kapena mapira pamodzi ndi nyemba. Musathire feteleza wa fosiforasi. Pakatha miyezi itatu lekani kuthirira kwa masabata awiri, dulani mapesi, duladulani mizu tizidutswa tating'ono, musakanize ndi dothi lomwelo. Dzanja limodzi pa phando ndi lokwanira. Musanagwiritse ntchito yang'anani mizu ya nyembazo: timabulu tomwe timathothoka mukatikhula ndi tabwino, koma ngati muzu weniweniwo watupa, tayani zonse, mwaweta tinyongolotsi.

Ena amakatenga dothi pansi pa masuku kapena mitengo ya miyombo poti m'pamene pamamera bowa nthawi ya dzinja. Bowa ameneyo amakhaladi pa ubale ndi mizu ya mitengoyo, koma ndi wa gulu lina lomwe limavala muzu kunja, ndipo salowa mu anyezi kapena tomato.

Kuchulukitsa Trichoderma pa gaga kapena madeya kumatheka, koma ine sindikulimbikitsa kwa amene sanaphunzitsidwe. Chuku cha Aspergillus, chomwe chimabweretsa poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga, chimamera pa gaga yemweyo ndipo chimaoneka chobiriwira mopita ku chikasu. Diso losazolowera silingasiyanitse. Ndipo ngati pakhomo panu mumalima bowa wa oyisitala, Trichoderma asayandikire nyumba ya bowayo, ngakhale pa zovala kapena m'manja, chifukwa kumeneko iye ndiye nkhungu yobiriwira imene imawononga matumba.

Mudziwa bwanji kuti zagwira?

Osati pakatha masiku atatu. Trichoderma pa nazale amaoneka pa kuchuluka kwa mbande zopulumuka ndi mizu yoyera yambiri pozula. Mycorrhiza amatenga masabata angapo kuti akhazikike, ndipo kusiyana kumayamba kuoneka mwezi utadutsa, makamaka pamene madzi achepa.

Kuyerekeza ndi dimba la mnzanu kapena ndi zokolola za chaka chatha kumanamiza, chifukwa mbewu, madzi ndi nyengo sizifanana. Gawani bedi limodzi pakati, mbewu imodzi, tsiku limodzi, manyowa ndi madzi ofanana. Mbali imodzi thirani za m'paketiyo, inayo ayi, musiye mpata wa phazi limodzi kapena awiri pakati, ndipo muzike chikhomo kuti musaiwale. Pothirira yambani mbali yosathirayo. Tsiku lowokera werengani mbande zabwino mbali iliyonse, muzule khumi kuno khumi uko, mutsuke mizu, muziyale pa thumba moyandikana. Pokolola pimani mbali iliyonse payokha, pa sikelo kapena ndi ndowa imodzimodzi, mulembe m'kope pamodzi ndi mtengo wa paketi. Ngati mwachita zimenezi nyengo ziwiri, ufa munauyesa uli wamoyo, ndipo mbali ziwirizo zikufananabe, dimba lanulo silikusowa paketi imeneyo, ndipo ndalama yake mugulire manyowa.